YEVGENY VUCHETICH: MMISIRI AMENE ANAUMBA MSILIKARI WA KU BERLIN

Mu mzinda wa Berlin, likulu la dziko la Germany, m'mbali mwa mtsinje wa Spree, muli munda waukulu wa mitengo ndi kapinga wochedwa Treptower Park. Anthu a mumzindamo amapitako kukapumula pamodzi ndi ana ao, ena kukakwera ngalawa pamtsinje. Koma m'kati mwa mundawo muli malo ena amene munthu akafikapo amatsitsa mau. Pamenepo pagona asilikari a Soviet Union oposa 7,000 amene anafa polanda mzindawo m'caka ca 1945. Pamwamba pa citunda paimirira msilikari wa mkuwa, wamtali mamita 12, atanyamula kamwana kakakazi kudzanja lamanzere, lupanga lake litaloza pansi. Sabata ino tikusimbirani mbiri ya munthu amene anaumba msilikari ameneyu, a Yevgeny Viktorovich Vuchetich.

KUBADWA NDI MAPHUNZIRO

A Vuchetich anabadwa pa 28 December, 1908, mu mzinda wa Yekaterinoslav, umene lero uchedwa Dnipro, m'dziko la Ukraine. Panthawiyo dera lonselo linali mu ulamuliro wa mfumu ya ku Russia. Makolo a atate ao anali ocokera ku Montenegro, kadziko ka mapiri ka kummwera ca kummawa kwa Ulaya. Mnyamatayo anali asanakwanitse zaka 9 pamene ufumu unagwa m'caka ca 1917 ndipo cipani ca Lenin cinatenga boma. Motero anakulira m'dziko latsopano, limene linali kufuna amisiri ake oti alembe mbiri yake pa miyala ndi pa zitsulo.

Kucokera mu 1926 kufikira mu 1930 anaphunzira nchito yojambula ndi kuumba pa sukulu ya mu mzinda wa Rostov-on-Don. Atacoka kumeneko anakapitiriza maphunziro ku Leningrad, mzinda umene tsopano unabwerera ku dzina lake lakale la St Petersburg, ndipo mu 1935 anasamukira ku Moscow.

Awerengi ayenera kudziwa kuti mu Soviet Union wa masiku amenewo boma ndilo linali kupatsa mmisiri nchito, nyumba yogwiriramo, mkuwa ndi malipiro. Ndilonso linali kunena mtundu wa zoumba zimene linali kufuna: ziboliboli za anthu amphamvu, oima nji, zoti mlimi kapena wanchito wa m'fakitale angoona n'kumva tanthauzo lake popanda womasulira. A Vuchetich anatsata njira imeneyi ndipo anakhala mmodzi wa oiteteza kwambiri kufikira imfa yao. Ulemu wonse umene analandira unacokera pamenepo, ndiponso mlandu umene ena amawaimba nao lero ucokera pomwepo.

KU NKHONDO

Pa 22 June, 1941, magulu a nkhondo a Hitler analowa m'dziko la Soviet Union. Imeneyi ndi nkhondo yomwe ija imene asilikari a kuno kwathu a Northern Rhodesia Regiment anakamenyako kummawa kwa Afirika ndi ku Burma. A Vuchetich, ali ndi zaka 32, anasiya dongo nalembetsa mwaufulu. Anayamba monga msilikari wamba wogwira mfuti yaciwaya, nakwera mpaka pa udindo wa kaputeni. Mu 1942 anapwetekedwa ndi kuphulika kwa bomba, ndipo atacira, mu 1943, anatumizidwa ku gulu la amisiri a asilikari lochedwa ndi dzina la Grekov ku Moscow.

Kumeneko anayamba kuumba nkhope za akazembe a nkhondo, ndipo nkhondo itatha anapatsidwa nchito zazikulu. Mu 1946 anaimika cikumbutso ca Kazembe Mikhail Yefremov mu mzinda wa Vyazma. Kazembe ameneyu anazingidwa ndi adani pamodzi ndi gulu lake mu 1942, nakana kuthawa pandege ndi kusiya anyamata ake, ndipo anafera komweko. Mu 1948 anaimika cina ca Kazembe Nikolai Vatutin pa manda ake mu mzinda wa Kyiv. Zimenezi zinaonetsa akuluakulu a boma kuti apeza mmisiri amene anaiona nkhondo ndi maso ake.

NCHITO YA KU TREPTOWER PARK

Nkhondo yolanda Berlin inayamba pa 16 April, 1945, ndipo mzinda unagonja pa 2 May. Pa masiku owerengeka amenewo panafa asilikari a Soviet Union okwana ngati 80,000. Germany yense anasaina cigonjetso pa 8 May. Popeza mitembo inali itaikidwa mofulumira m'malo osiyanasiyana, akuluakulu a asilikari anaganiza zomanga manda aakulu atatu mumzindamo: ku Tiergarten, ku Schönholzer Heide ndi ku Treptower Park. Mu 1946 anaitanitsa mapulani a manda a ku Treptower Park, ndipo anasankha a gulu la anthu anai: a Vuchetich monga woumba, a Yakov Belopolsky monga wolemba mapulani, a Anatoly Gorpenko monga wojambula, ndi mai Sarra Valerius monga injiniya. Amene anakumba, kusema ndi kuyala miyala anali Ajeremani oposa 1,000, anthu a mtundu womwewo umene unagonjetsedwa.

Malowo anakonzedwa kuti mlendo ayambe ndi cisoni asanafike pa cipambano. Munthu akalowa pacipata, coyamba kukumana naco ndi ciboliboli ca mai wokhala pansi, woweramitsa mutu, wolira ana ake. Kucokera pamenepo njira imakwera pang'onopang'ono pakati pa mitengo ya nthambi zolendewera, kufikira pa mbendera ziwiri zazikulu za mwala wofiira, zoweramitsidwa monga acitira pamaliro. Patsinde pa mbendera iriyonse pagwada msilikari wovula cisoti, mmodzi wacikulire, wina wacinyamata. Mlendo akadutsa pakati pa awiriwa m'pamene amaona bwalo lonse la manda. M'mbali mwake muli mabokosi a mwala 16, kuimira maiko 16 amene anali kupanga Soviet Union panthawiyo, ndipo pa mabokosiwo pasemedwa zithunzi za nkhondo pamodzi ndi mau a Stalin m'Cirasha ndi m'Cijeremani. Kumapeto kweni-kweni ndiko kuli citunda cija, ndi kacipinda koikamo maluwa, ndi msilikari pamwamba pake. Kucokera pansi pa citunda kufikira pamutu pa msilikari pali mamita ngati 30.

Ciboliboli cotere ciyamba ndi dongo. Mmisiri amaumba kacifanizo kakang'ono, kenaka amakakulitsa, ndipo pa dongolo amapanga zikombole mmene amathiramo citsulo cosungunuka. Citsulo cake ndi buronzi, ndiwo mkuwa wosanganiza ndi tini. Msilikari wa ku Treptower Park anasungunulidwa m'zigawo-zigawo pa fakitale ya ku Leningrad, natumizidwa ku Berlin kumene zigawozo zinalumikizidwa. Kulemera kwake ndi matani ngati 70. Cikumbutsoco cinatsegulidwa pa 8 May, 1949, patapita zaka 4 cithere nkhondo.

MWANA WA MDANI

Pansi pa mapazi a msilikari pali cizindikiro ca cipani ca Hitler, mtanda wopindika nsonga wochedwa swastika, citaphwanyika. Cimeneco nca cipambano, ndipo mmisiri wina aliyense akanaciika. Cimene cinachukitsa nchitoyi ndi mwana uja, pakuti ndi mwana wa Ajeremani. Dziko la Soviet Union linataya anthu okwana ngati 27 miliyoni pa nkhondoyo, ndipo midzi yambirimbiri inatenthedwa, ina pamodzi ndi eni ake. Komabe msilikari woimira dziko limenelo anaumbidwa atatsitsa lupanga, atafungatira mwana wa mdani.

Ganizo limeneli limagwirizanitsidwa ndi zimene anacita Sajeni Nikolai Masalov pa 30 April, 1945. Pamene gulu lake linali kukonzekera kuoloka ngalande ya Landwehr m'kati mwa Berlin, anamva kulira kwa mwana pansi pa ulalo. Anakwawa zipolopolo ziri kuuluka, nakatenga kamtsikana ka zaka ngati 3. Nkhaniyi inalembedwa ndi mkulu wa gulu lonselo, Kazembe Vasily Chuikov. Koma munthu amene anaimirira pamaso pa a Vuchetich pamene anali kuumba anali msilikari wina, Ivan Odarchenko, ndipo mwana amene anamunyamula anali Svetlana, mwana wa Kazembe Alexander Kotikov, woyang'anira cigawo ca Berlin cimene cinali m'manja mwa Soviet Union. Anthu amasimbanso kuti mmisiriyo anakonza zifanizo ziwiri, cimodzi ca Stalin ndi cina ca msilikari wogwira mfuti, ndi kuti Stalin mwini wake anasankha msilikariyo nalamula kuti m'malo mwa mfuti aikepo lupanga.

Mbiri yoona iyenera kunenanso mbali ina. Anthu ambiri a mu Berlin, makamaka akazi, anakumana ndi asilikari osiyana kutali ndi Sajeni Masalov. Akazi zikwi zambiri anagwiriridwa m'masabata amenewo, ndipo mu East Germany nkhani imeneyi sinali yololedwa kuikamba poyera. Cikumbutso ca ku Treptower Park sicinenapo kanthu za iwo. Cimanena zimene boma la Stalin linafuna kuti zikumbukike: kuti asilikari ake anadza monga omasula. Kuti anathyola ulamuliro wa Hitler ndi mwazi wao ncoonadi, ndipo manda 7,000 aja acitira umboni. Kuti ena mwa opambanawo anacita zoipa ncoonadinso.

LUPANGA LOSULIDWA KHASU

Patapita zaka, a Vuchetich anabwereranso ku lupanga. Mu 1957 anaumba mwamuna wamphamvu wogwira nyundo, ali kupinda lupanga kuti likhale khasu la pulawo. Ganizo lake ndi la m'buku la mneneri Yesaya, ngakhale kuti boma limene anali kuligwirira nchito silinali kukhulupirira Mulungu. Mu 1959 Soviet Union inapereka ciboliboli cimeneci monga mphatso ku bungwe la United Nations, ndipo ciri m'munda wa likulu la bungwelo ku New York. Tanthauzo lake akuluakulu athu analidziwa kale pamene anati nkhondo simanga mudzi.

Mwini wake atamwalira, cithunzi ca wosula ameneyu cinagwira nchito imene iye sanaiyembekeze. Mu 1980 mipingo ya ku East Germany inacitenga monga cizindikiro ca mapemphero a mtendere, nicisindikiza pa tinsaru. Acinyamata okana maphunziro a usilikari m'masukulu anasokerera tinsaruto pa mikono ya majekete ao. Boma linasowa conena, popeza cithunzico cinali ca mphatso ya Soviet Union, bwenzi lake lalikulu. Komabe pofika mu 1982 apolisi ndi aphunzitsi anali kulamula acinyamatawo kuti amatule tinsaruto. Motero nchito ya mmisiri wokhulupirika wa boma inasanduka cida ca otsutsa boma.

MMISIRI WA OLAMULIRA

Tisaiwale kuti manja omwewo anaumbanso olamulira. A Vuchetich analandira Mphoto ya Stalin kasanu, caka ndi caka kucokera mu 1946 kufikira mu 1950. Mu 1952 anaimika ciboliboli cacikulu ca Stalin pa khomo la ngalande yolumikiza mitsinje ya Volga ndi Don. Koma Stalin anamwalira mu 1953, ndipo mu 1956 Nikita Khrushchev anaulula nkhanza zake pamaso pa cipani. Cisanathe zaka zoposa 10 ciri ciimire, ciboliboli cija cinacotsedwa. Pambuyo pake, mu 1973, mmisiri yemweyo anaimika Lenin pa tsinde lomwelo.

Mu 1958 anaumba Felix Dzerzhinsky, amene anayambitsa gulu la apolisi acinsinsi la Cheka, kholo la KGB. Ciboliboli cimeneci cinaimikidwa pa bwalo la Lubyanka ku Moscow, patsogolo pa nyumba imene anthu osawerengeka anafunsidwiramo milandu ndi kuzunzidwa. Kwa mabanja a anthu amenewo, Dzerzhinsky wa mkuwa anali cikumbutso ca mantha.

MAI WA PA MAMAYEV KURGAN

Nchito yaikulu koposa zonse inali ku Stalingrad, mzinda umene mu 1961 unasinthidwa dzina kukhala Volgograd. Kumeneko kunamenyedwa nkhondo ya masiku 200, kucokera pa 17 July, 1942, kufikira pa 2 February, 1943, ndipo ndiko kumene mphamvu ya Hitler inayambira kubwerera m'mbuyo. Pakati pa mzindawo pali phiri la Mamayev Kurgan limene magulu awiriwo analandana kambirimbiri. Kumanga cikumbutso paphiripo kunatenga zaka 8, kucokera mu 1959 kufikira pa 15 October, 1967, tsiku limene cinatsegulidwa.

Mlendo amakwera masitepe 200, limodzi pa tsiku lirilonse la nkhondoyo. Pamwamba pali mai wotambasula dzanja, wotsegula pakamwa kuitana ana ake kuti adzamenyere dziko, lupanga lake litaloza kumwamba. Thupi lake ndi lalitali mamita 52, lupanga mamita 33, ndipo cinthu conse cifika mamita 85. Panthawi imene cinamalizidwa panalibe ciboliboli cina cacitali kuposa ici pa dziko lonse lapansi. Ncomangidwa ndi konkire, cobooka m'kati, ndipo cimagwiridwa ndi zingwe zacitsulo zokokedwa zolimba, monga anakonzera injiniya Nikolai Nikitin. Paphiripo pagona asilikari okwana ngati 35,000. Kazembe Chuikov, amene anateteza mzindawo nakafikanso ku Berlin, anaikidwa pomwepo mu 1982.

Anthu a ku Russia amakonda kuwerenga zikumbutso ziwirizi pamodzi, namati lupanga limene linanyamulidwa pa mtsinje wa Volga ndilo linatsitsidwa ku Berlin. Cifukwa ca nchito ya ku Volgograd a Vuchetich anapatsidwa ulemu wa Ngwazi ya Nchito mu 1967 ndi Mphoto ya Lenin mu 1970. Anali atayamba kukonza cikumbutso cina cacikulu ca mai wogwira lupanga ndi cishango ku Kyiv pamene anamwalira ku Moscow pa 12 April, 1974, ali ndi zaka 65. Anaikidwa ku manda a Novodevichy. Nchito ya ku Kyiv inamalizidwa ndi mmisiri wa ku Ukraine, a Vasyl Borodai, ndipo inatsegulidwa mu 1981.

ZIMENE ZINAGWA NDI ZIMENE ZINATSALA

Dziko limene a Vuchetich analitumikira linatha mu December, 1991. Miyezi inai izi zisanacitike, usiku wa pa 22 August, khamu la anthu linasonkhana pa bwalo la Lubyanka, ndipo Dzerzhinsky anamangidwa cingwe nanyamulidwa ndi makina. Tsopano ali m'munda wina wa mu Moscow wosungirako ziboliboli. Russia atalowa ndi nkhondo m'dziko la Ukraine mu February, 2022, anthu a ku Kyiv anacotsa zikumbutso zina za nthawi ya Soviet Union. Mu February, 2023, anacotsa Kazembe Vatutin, ndipo mu August caka comweco anacotsa cizindikiro ca nyundo ndi cikwakwa pa cishango ca mai uja, naikapo mkondo wa mano atatu, cizindikiro ca Ukraine.

Msilikari wa ku Treptower Park sanagwe. Pamene maiko awiri a Germany anali kulumikizana mu 1990, boma la Germany linalonjeza kusunga ndi kusamala manda ndi zikumbutso za asilikari a Soviet Union. Pa 31 August, 1994, asilikari a ku Russia anatsazikira dziko la Germany pamalo pomwepa, pamaso pa Boris Yeltsin ndi Helmut Kohl. Mu 2003 cibolibolico cinatsitsidwa nicitengedwa ku cisumbu ca Rügen kukakonzedwa ndi ndalama za msonkho wa Ajeremani, ndipo cinabwezedwa pamalo pake mu May, 2004. Ngakhale mau a Stalin pa mabokosi aja anasiyidwa monga analiri, kuti obwera m'mbuyo aone okha mmene nthawi imeneyo inali kulankhulira.

Pa 8 ndi pa 9 May caka ciriconse anthu amadza ndi maluwa ndi zithunzi za agogo ao. Amadza Arasha, amadza a ku Ukraine, a ku Belarus, a ku Kazakhstan ndi a maiko ena, pakuti ogona pamenepo ndi a mitundu yonseyi. Kuyambira mu 2022 apolisi a mu Berlin akhala akuletsa mbendera za Russia pamalopo pa masiku amenewa, poopa kuti manda angasanduke bwalo la mkangano wa nkhondo yatsopano. Zidzukulu za asilikari amene anagona m'dzenje limodzi lero zimaima motalikirana.

Mbiri ya a Vuchetich itiphunzitsa kanthu za zikumbutso. Stalin, Dzerzhinsky ndi Vatutin anaimikidwa cifukwa ca maina ao, ndipo nyengo itasintha maina omwewo ndiwo anawagwetsa. Msilikari wa ku Berlin alibe dzina. Aima pa manda a anyamata amene ambiri mwa iwo sadziwika, ndipo wanyamula mwana amene mai wa mtundu uliwonse angamuone monga wake. Cifukwa cake ngakhale amene anagonjetsedwa anavomera kumusamala. Mmisiriyo anatumikira boma lankhanza nalandira mphoto zake, ndipo zimenezi sizingafafanizidwe pa mbiri yake. Koma pa nchito imeneyi analemekeza akufa koposa olamulira, ndipo yakhala zaka zoposa 75, kupitirira boma limene linailamula.